Mwana asewere ndi madzi ndi ayisi pakhomo, makamaka kukatentha kuno ku Lusaka

Okutobala akafika kuno ku Lusaka mukudziwa nokha mmene kumakhalira, dzuwa likuswa mtengo, malata akutentha, mwana wa zaka 2 wangovala thewera lokha koma akulirabe, kugona sakufuna, phala akukankha, ndiye ambirife timangomupatsa foni kuti atisiye tiphike. Ine ndikuti musanamupatse foni yesani kumupatsa beseni. Madzi pang'ono, kapu, chipande ndi chibulumwa cha ayisi zimamugwira mwana nthawi yaitali kuposa chidole chodula, ndipo pamene inu mukuona ngati akungonyowetsa zovala iye akulimbitsa timanja, akuphunzira kuzizira ndi kufunda, kudzaza ndi kukhuthula, komanso mawu atsopano. Ndikukamba za ana a chaka chimodzi mpaka zaka 3, aja ayamba kuyenda koma chilichonse chimapita kukamwa.

Ndiyambe ndi zoopsa chifukwa zina zonse zikudalira pamenepa. Mwana wamng'ono akhoza kumira m'madzi a masentimita 5 okha, madzi oti sakukwana ndi chala chanu chomwe. Mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi, akaweramira mu ndowa amagwera chamutu ndipo sangathe kudzidzutsa, ndiye choopsa kwambiri nchakuti salira, sakuwa, simumva kalikonse. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati ana a zaka 1 mpaka 4 ndi amene ali m'gulu lomira kwambiri padziko lonse. Choncho madzi a m'beseni akhale ochepa, ongophimba pansi, ndipo munthu wamkulu akhale pomwepo poti dzanja lake likumufikira mwanayo. Osati kuyang'anira pawindo, osati kumusiyira mkulu wake wa zaka 6 kuti uziona mwana, ayi. Ndiwo zikapserera kapena wina akagogoda pageti, munyamuleni mwanayo mupite naye, apo ayi khuthulani madziwo. Chinanso chomwe anthu sachiganizira: mwana akalawa kukoma kwa masewerawa amayamba kusaka madzi yekha, ndipo makomo athu ambiri ali ndi madiramu ndi ndowa zosungira madzi poti pampopi satuluka tsiku lililonse. Zonsezo zivundikireni ndi chivundikiro choti sangachotse, ndowa ya matewera onyika ikhale pamwamba kapena kuchipinda chotseka.

Chachiwiri ndi madzi enieniwo. Mwana adzamwa basi, olo mumuletse bwanji, adzanyambita ayisi, adzayamwa siponji. Ndiye madzi osewerera akhale oti mungamwetse mwana popanda mantha. Tonse tikukumbukira kolera yomwe inayamba mu Okutobala 2023 n'kufika poti mu Januwale 2024 National Heroes Stadium inasanduka malo ogonekapo odwala. Ngati madzi anu ndi a pachitsime chosaya kapena simukuwakhulupirira, awiritseni n'kuwasiya azizire, kapena thirani klorini monga zalembedwera pabotolo ndipo mudikire mphindi 30. Ena amaganiza kuti madzi akauma mu furiji tizilombo timafa, si zoona, madzi akuda akaundana amakhala akudabe. Nchifukwa chake ayisi wosewerera ndi bwino kupanga nokha kusiyana ndi kugula wa pamsewu woti simukudziwa madzi ake anatungidwa kuti. Musade nkhawa ndi kuchuluka, malita 2 kapena 3 akwanira masewera onse, ndipo pomaliza madziwo ali ndi ntchito ina.

Malo akhale pamthunzi, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, m'mawa isanakwane 10 koloko kapena dzuwa litapendeka. Simenti yopaka polishi ikanyowa imaterera moopsa, yalani mphasa, saka kapena thaulo lakale, koma bola pa udzu kapena pa dothi lolimba ngati yadi ilipo. Kutali ndi mbaula, kutali ndi mawaya a magetsi ndi soketi. Mwana akhale pansi beseni lili patsogolo pake, beseni lotambalala komanso losaya, ndowa ayi.

Zida musagule, lowani kukhitchini. Makapu a pulasitiki awiri atatu osiyana kukula, chipande, supuni yaikulu, sefa ya tiyi, kontena yopanda kanthu ya majarini kapena yogati, siponji yatsopano yomwe sinatsukepo mbale. Botolo la maheu mukalidula pakati mbali ya kukamwa ija imakhala fanelo, ingoonetsetsani kuti podulapo sipakucheka. Ngati mukufunadi kugula, timakapu ndi timajagi ta pulasitiki tadzaza ku Kamwala ndi ku Soweto Market. Muyeso wake ndi umodzi: tengani kachubu ka katoni kamene kamatsala tishu ikatha, chilichonse cholowa m'menemo nchaching'ono kwa mwana wosakwana zaka 3, chikhoza kumutsamwa. Ndiye zitsekerero za mabotolo, nyemba, mikanda, mabatani, timiyala ndi ndalama zachitsulo zisayandikire. Palinso timikanda tamitundumitundu tofufuma m'madzi tomwe timaoneka m'mavidiyo a pa intaneti, timeneto musatilole m'nyumba, mwana akameza kamodzi kamakafufuma m'matumbo n'kutseka njira mpaka opaleshoni.

Sewero loyamba ndi lophweka kwambiri moti akuluakulu amaliderera: kuthira. Ikani makapu ndi chipande m'beseni, inu mutunge kamodzi mutsanulire mu kapu ina iye akuona, kenako manja kumbuyo. Adzathira pambali, adzadzithira pamimba, adzathira kapu yodzaza kale mpaka kusefukira, n'kubwereza zomwezo kambirimbiri. Musamukonze. Kubwerezako ndiye ntchito yake, dzanja likuphunzira kupendeketsa, maso akuphunzira kuyeza, ndipo tsiku lina mudzangoona akudzithirira madzi akumwa osataya. Akayamba kutopa nazo onjezani sefa, muone mmene adzadabwire kuti madzi akukana kukhala. Kenako botolo lomwe mwabowola timabowo pansi ndi msomali, mulidzaze mulikweze mmwamba ikhale mvula, ayike dzanja, ayike phazi. Chinthu chimodzi pa nthawi, mukakhuthula zonse pamodzi amangosokonezeka n'kuyamba kuponya.

Siponji ndi ya timinofu ta zala. Mbale ziwiri, ina ya madzi ina youma, anyike siponji uku akafinyire uko mpaka madzi onse asamuke. Ana a zaka 2 kupita mtsogolo amakondanso kuchapa poti amationa tikuchapa, mupatseni timasokosi take kapena kansalu, kapena asambitse chidole chake. Sopo ngati mukufuna thovu akhale wosambira wa ana, kadontho chabe, sopo wa ufa wochapira amawawa m'maso ndipo amayabwa khungu. Anyamata nawonso achape, palibe cholakwika pamenepo.

Lina lomwe ine ndimalikonda chifukwa silidetsa kalikonse ndi kupenta ndi madzi. Kapu ya madzi ndi bulashi yakale yoyera, kapena kansalu komangirira pa kamtengo, apente khoma la mpanda, sitepe, geti. Njerwa ikanyowa imada, ndiye ndi kutentha kwa Okutobala pakangopita kanthawi chithunzi chauma chasowa, iye nkumafunafuna kuti chapita kuti, n'kupentanso. Pamenepa madzi amene akufunika ndi kapu imodzi yokha, ndiye tsiku lomwe pampopi pauma sewero ndi limeneli.

Chomira ndi choyandama chimafuna madzi okwera pang'ono, choncho gwiritsani mbale yakuya koma yopapatiza ndipo inu muigwire. Tsamba la mango, chitsononkho cha chimanga chouma, supuni yachitsulo, mwala waukulu woti sungalowe mkamwa, mbatata, ndimu. Aponye chimodzichimodzi, chubwi, muone limodzi. Lalanje ndi losangalatsa, lili ndi khungu limayandama koma mukalisenda nthawi zambiri limamira chifukwa mpweya unali m'khungu muja, akatha kuona alidye.

Tsopano ayisi, apa ndiye pali zambiri. Iwalani timadayisi ting'onoting'ono ta mu thireyi ya furiji, timeneto ndi toterera ndipo kukula kwake nkokwanira kutseka kukhosi kwa mwana. Pangani wamkulu, mu kontena ya majarini, mu mbale ya pulasitiki, olo mu botolo lodula. Wamkulu ali ndi ubwino winanso kuno kwathu: malaiti akapita sasungunuka msanga, amathandizanso kuti ndiwo zikhale zozizira mu furiji, ndiye muziika madziwo nthawi yomwe malaiti abwera, kumbuyo kwenikweni kwa fuliza, usiku umodzi wathunthu wa magetsi umakwana, koma akamabwera moduladula mupatseni masiku awiri. Musadzaze mpaka pakamwa, madzi akaundana amafufuma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10, nchifukwa chake botolo la galasi limasweka mu fuliza ndipo nchifukwa chakenso ayisi amayandama. Vundikirani kontenayo, isakhudzane ndi nyama kapena nsomba zaziwisi.

Mukamutulutsa musamupatse mwana nthawi yomweyo. Fuliza yogwira bwino imafika madigiri 18 pansi pa ziro, ayisi wouma wotero amamata pa milomo, lilime ndi zala zonyowa. Muthireni madzi kapena mumusiye kanthawi mpaka ayambe kunyezimira ndi kudontha, apo ndiye wakonzeka. Kuti atuluke mu kontena ingothirani madzi kunsi kwake, amagwa yekha.

Tsiku loyamba mungomuika m'beseni popanda china. Ana ena amamulumphira, ena amakhudza ndi chala chimodzi n'kuthawa kukabisala kuseri kwa chitenje chanu. Musamukakamize kapena kumugwira dzanja n'kuliika pa ayisi, mupatseni supuni kapena mthiko azimukankha nawo, azimugogoda, adzayandikira yekha. Ayisi ali ndi zambiri zoti mwana amve: amaterera, amalemera, amalira tetete mukamuthira madzi ofunda, amachepa iye akuona.

Akazolowera, bisani zinthu mkati. Zidole za pulasitiki zikuluzikulu, supuni, magawo a ndimu kapena lalanje, masamba a mango. Mukaponya zonse nthawi imodzi zopepuka zimayandama n'kuundana pamwamba pokha, choncho chitani mosanjikiza: madzi pang'ono ndi chidole chimodzi, aundane, kenako madzi ena ndi china. Inde zimafuna kudekha ndi malaiti athuwa koma zimatheka. Pomasula mupatseni kapu ya madzi ofunda ndi supuni, azithira pang'onopang'ono mpaka mwendo wa chidole utulukire. Ofunda ndikutanthauza oti mwaviika chigongono chanu osamva kutentha, ndipo njira yabwino ndi kungoika botolo la madzi padzuwa m'mawa, sipafunika ketulo. Chidole chokhala ndi batire ayi, makamaka timabatire tozungulira tija, n'toopsa kwambiri tikamezedwa. Maluwa amakongola mu ayisi koma ikani okhawo mukuwadziwa, ena a m'mayadi ndi m'mipanda ngati oleander ndi lantana ndi poizoni, ine ndimakonda kungoika zodyedwa basi kuti mtima ukhale pansi. Ena amaumitsa madzi mu baluni kuti atuluke wozungulira, zili bwino koma baluniyo muichotse nokha n'kuitaya kutali, kachidutswa ka baluni kamatsamwa koopsa.

Za mchere ndinene mosabisa. Pa intaneti mudzaona akuwaza mchere pa ayisi kuti abooke timabowo, ndipo ndi zoona mchere umasungunula ayisi, koma madzi amchere amene amatuluka pamenepo amazizira kupitirira ayisi weniweniyo, akhoza kufika pafupi madigiri 20 pansi pa ziro, ndipo mchere ndi ayisi zikakanikizidwa pakhungu zimaotcha mpaka matuza. Mwana wa zaka 2 sadziwa kuchotsa dzanja msanga, komanso adzanyambita mcherewo. Zisiyireni ana okulirapo omwe angagwiritse supuni. Kwa ang'onowa madzi ofunda akwanira.

Mitundu imasangalatsa koma imadetsa, ndiye avale chovala chakutha kapena kabudula yekha. Kala wa makeke uja wa m'timabotolo ting'ono, madontho awiri atatu mu kapu ya madzi akwana. Ngati mulibe, madzi owiritsira bitiruti amapereka mtundu wofiirira wokongola, maluwa ofiira a lumanda nawonso amatulutsa wofiira, ufa wokometsera ndiwo wa turmeric umapereka wachikasu koma sumachoka msanga pa nsalu ndi pa zala. Umitsani mu makapu a yogati mutaimika supuni ya pulasitiki yolimba pakati kuti ikhale chogwirira, kuti isagwe boolani kachikatoni muvundikire pamwamba supuniyo itatulukira. Akauma apente nawo pa katoni yoyera kapena papepala lalikulu, zala sizizizira poti wagwira supuni. Kapena ikani wachikasu ndi wabuluu m'mbale imodzi yoyera asungunuke pamodzi, madzi asanduke obiriwira, musamuuziretu, adabwe yekha. Ayisi aliyense akachepa kufika poti angalowe mkamwa muchotseni, apa ndi pamene maso anu ayenera kukhala tcheru kwambiri chifukwa chibulumwa chomwe chinali chachikulu poyamba chimakhala kachidutswa pomaliza.

Nanga amene alibe furiji, kapena malaiti akhala osabwera? Mukhoza kupempha kamalo mu fuliza ya aneba, kontena yobwera nayo muikulunge mu thaulo kapena chitenje imafika bwinobwino. Koma olo popanda ayisi, mbale ziwiri zimagwira ntchito: ina ya madzi a mumtsuko kapena omwe agona panja usiku, ina ya madzi othera padzuwa. Dzanja uku, dzanja uko, phazi uku, phazi uko. Finyirani ndimu pang'ono mu ina anunkhize, kungoti asatikite m'maso. Chomwe mwana akufuna ndi kusiyanako, kuti ichi sichili ngati icho.

Inuyo ntchito yanu, kupatula kuyang'anira, ndi kuyankhula. Osati mafunso a mayeso ngati uwu ndi mtundu wanji, koma kungotchula zomwe zikuchitika: wadzaza, yasefukira, chamira, chayandama, akuzizira eti, wasungunuka, finya, thira, khuthula. Kuno ku Lusaka ana amakula akumva Chinyanja, Chibemba ndi Chizungu nthawi imodzi, ndipo makolo ena amaopa kuti mwana asokonezeka ndiye amangomuyankhula Chizungu chokha. Muyankhuleni chinenero chomwe chimatuluka bwino mkamwa mwanu, mawu omwe wawamva dzanja lili m'madzi ozizira sawaiwala. Ndipo nthawi zina ingokhalani chete, mwana akakhala kuti wakwinya nkhope akuyang'ana dontho likugwa pa sefa musamudule.

Agogo mwina adzadandaula kuti mwanayu mumudwalitsa chimfine. Musakangane nawo, nkhawa yawo ndi ya chikondi, koma chimfine chimabwera ndi mavairasi opatsirana, si madzi a m'beseni. Pomwe iwo akunena zoona ndi pakuti mwana wamng'ono amazizidwa msanga kuposa ife, choncho muziona: akayamba kunjenjemera, milomo ikasintha mtundu, zala zikafiira kwambiri kapena kuyera, kapena akangoyamba kulira, masewera atha, thaulo ndi zovala zouma. Ndi ayisi, mphindi 10 mpaka 20 nzokwanira, ndi madzi wamba kukatentha akhoza kupitirira. Mwezi wa Juni ndi Julayi kuno kumazizira ndithu, ayisi asiyeni, gwiritsani madzi ofunda masana dzuwa lili pamutu kapena nthawi yosamba. Mwana amene thupi latentha, akutsegula m'mimba, ali ndi zilonda m'manja kapena khutu likutuluka mafinya apume kaye mpaka achire, ndipo ngati ana a aneba abwera kudzasewera nawo onse asambe m'manja ndi sopo asanayambe. Wina akakodzera kapena kuipitsira m'beseni madziwo akupita kuchimbudzi, beseni litsukidwe.

Ngati zitachitika kuti nkhope yamira m'madzi ndipo pambuyo pake akukhosomola osaleka, akupuma mobanika kapena wafooka modabwitsa, musadikire kuti tione mawa, thamangani naye kukiliniki nthawi yomweyo. Chimodzimodzi ngati mukukayika kuti wameza kanthu. Mukapita kusikelo funsaninso anesi akuonetseni mmene mungathandizire mwana wotsamwidwa, ndi chinthu choti muone ndi maso ndi kuyeserera ndi manja, ndipo amene amakusungirani mwana mukapita kuntchito achidziwenso.

Pomaliza masewera khuthulani nthawi yomweyo mwana asanachoke m'manja mwanu. Madzi opanda sopo apite ku repu ndi chibwabwa chakuseri kwa nyumba, a sopo mukolopere kapena muthire kuchimbudzi, a mitundu musachapire. Beseni mulivundikire chafufumimba, makapu ndi makontena nawonso, chifukwa madzi ongokhala udzudzu umaikiramo mazira ndipo pakatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono watuluka, makamaka mvula ikayamba mu Novembala. Siponji muifinye muiyanike padzuwa, zidole zokhala ndi kabowo muzifinye madzi onse atuluke poti mkati mumamera nkhungu yakuda, ndipo ngati malaiti alipo dzazani kontena ina muike mu fuliza ya mawa.